Khomo Limodzi, Majakisoni Awiri

Uthenga unandipeza m'chigafa ndikusoka fodya, manja onata ndi utomoni, foni ili pamfundo ya chitenje. Masiku amenewo foni ikalira ndinkayamba ndakhala pansi ndisanayankhe, kuopa kugwa. Ndinakhaladi pansi. Anali akamwini anga a Lameki, akuimba kuchokera ku chipatala chachikulu ku Lilongwe.

"Amayi, Esinati wachira. Mwana wamkazi."

Za khandalo sindinafunse. Ndinati, "Nanga make akupuma bwanji?"

"Akupuma ngati munthu, amayi. Madokotala amupima mtima, ati wapirira. Panopa akulongolola kuti tiyi alibe shuga."

Ee! Singano uko, fodya uko, ine panja! Nthungululu mpaka nkhuku kubalalika, mapazi akuvina okha pafumbi: wachira, wachira, mzime wanga wachira, wa mtima uja wachira!

Inu ana anga ndi adzukulu, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga. Sukulu ndinalekezera panjira, ndiye ndilemba monga ndimayankhulira, pamene pavuta ndiimba. Koma kuti mumvetse chimene chinandivinitsa tsiku limenelo, tiyambire kumene ndinagwira chokolopera koyamba.

Ntchito yoyamba, cha ku Kapelula

Ndinalembedwa pa kachipatala kakang'ono kuti ndizisesa, kukolopa, kutunga madzi pamjigo ndi kuchapa nsalu za m'chipinda chochiliramo amayi. Bwana wanga anali a Sisita Jere, mayi wamfupi amene ankayendetsa chala pawindo m'mawa uliwonse, akapeza fumbi n'kukupaka pamphumi. Sopo ankatha, magolovesi ankatha, nthawi zina tinkavala mapepala a shuga m'manja, koma kwa a Sisita chimenecho sichinali chifukwa choti pansi pade. Tsiku lina anandipeza ndikuimba pochapa. Ndinayesa ndalakwa. Iwo anati, "ANambewe, pakamwa panupa pakungotha pachabe ndi nsalu. Mawa kuli sikelo, mukayambitse nyimbo amayi aja asiye kuwodzera." Kuyambira pamenepo ntchito zanga zinakhala ziwiri. Anamwino akandiuza phunziro la tsikulo, kaya ndi katemera, kaya phala la mwana, kaya kulera, ine ndinkalisandutsa nyimbo, amayi n'kumavomera ndi m'manja. Ndikayamba ya kulera, amuna odutsa pamsewu ankapalasa njinga mwamsanga ngati awathira madzi otentha.

Cha ku Njombwa, chaka chimene makuponi anayamba

Anandisamutsira pafupi ndi kwathu, ndipo ndinakondwa, chifukwa bambo anu a Gerisomu Mwale, mkulu wa mpingo, anali atatopa kulima fodya okha. Kumeneko ndinapeza a Nyirenda, munthu wa kumpoto wofatsa, amene tonse tinkangoti adokotala popeza panalibe wina wowaposa. Chipatalacho chinali ndi chipinda chimodzi chobayira jakisoni, chitseko chake chobiriwira. Aliyense wofuna singano ankalowa momwemo, koma ochuluka anali amayi olera, ndiye anthu anangolitcha khomo la kulera. Dzina limeneli mulisunge.

Chaka chimenecho m'mudzi simunkakambidwa china koma makuponi a feteleza: walandira ndani, wamanidwa ndani, lole ifika liti. M'kati mwa phokoso limenelo Esinati, mzime wathu, ali kupulayimale, anadandaula pakhosi. Zilonda zapakhosi nthawi imeneyo palibe ankapita nazo ku chipatala, ngakhale ife ogwira ntchito komweko. Anavumata madzi amchere, anamwa panado, pakhosi panapola. Patapita masabata angapo bondo linatupa, lotentha, losakhudzika. Bondo litaphwa ululu unasamukira pakakolo, kuchoka apo pamkono. Ena anati waponda mankhwala panjira. Kenako mwana amene ankathamanga ndi ndowa pamutu anayamba kupumira panjira ya kumjigo, mapazi n'kutupa, ndipo azakhali ake anayamba kunong'onezana za tsempho, maso ali pa ine ndi bambo anu.

A Nyirenda anamumvetsera m'chifuwa nthawi yaitali, nkhope ili gwa. Anafunsa, "ANambewe, mwanayu anadwalapo pakhosi posachedwa?" Ndinadabwa, pakhosi pakukhudzana bwanji ndi mapazi? Anandiveka chomvetsera chawo chija m'makutu. Ndinamva mtima wa mwana wanga ukugunda, koma pakati pa kugundako pankamveka fuu, fuu, ngati mpope wa njinga wotha chikopa. Anatitumiza ku Lilongwe, kumene anamuunika ndi makina, n'kutiuza kuti chitseko chimodzi cha mtima sichikutsekeka bwino, magazi ena akubwerera m'mbuyo.

Titabwerako ndinawatsata adokotala ndi chokolopera changa. Ndinati, "Ndiuzeni m'Chichewa. Tizilombo tapakhosito tatsikira mu mtima?"

"Yayi," anatero m'chikwawo. "Tizilomboto tinafa kale. Amene awononga mtima ndi asilikali a m'thupi mwake momwe."

"Asilikali ake omwe? Apenga?"

"Sanapenge, asokonezeka. Pali mtundu wina wa tizilombo tapakhosi umene khungu lake limafanana ndi nyama ya zitseko za mtima ndi ya m'mfundo. Inu mumafesa nazale ya fodya. Mutatuma waganyu wakhama kuti akazule udzu mbande zikadali zazing'ono, iye wosadziwa kusiyanitsa, achita chiyani?"

"Azula ndi fodya yemwe."

"Basi. Ndipo tizilomboto tikabweranso pakhosi, waganyu uja abweranso, azulenso. Ulendo uliwonse chitseko chimaonongeka moposa. Chimene tingathe ndi kutseka njira. Jakisoni wa penisilini, mwezi ndi mwezi, osadumpha."

"Mpaka liti?"

"Mpaka adzakhale mayi wa ana akuluakulu. Mwinanso kupitirira."

Nditawafotokozera bambo anu, anati, "Jakisoniyo azibayitsa. Koma nkhani ya mtimayi ithere m'nyumba muno. Mwana wamkazi akadziwika kuti ngwa mtima, adzamufunsira ndani? Adzati adzafera pobereka." Ndinaona kuti akunena zanzeru. Ofunsa tinkawauza kuti anali malungo ndi kuchepa magazi.

Zaka za singano

Jakisoni ameneyu si wamasewera. Ndi woyera, wolimba ngati phala la mwana, amalowa pang'onopang'ono pathako, nthawi zina singano n'kutsekeka, ayambirenso. Esinati ankaluma chitenje changa, ine ndikumuimbira m'khutu. Akatuluka ankatsimphina mpaka mawa lake.

Ndipo mantha anga anasamukira pa shelefu. Popukuta fumbi m'chipinda cha mankhwala maso anga ankathamangira pakona pamene pankakhala timabotolo take. Pakakhala podzaza, tsikulo ndinkaimba mokweza. Pakayamba kuoneka thabwa, chakudya chinkandikanika. Galimoto ya mankhwala inali ngati lole ya feteleza, yomveka kuti ili panjira koma osafika. Kangapo konse a Saidi a golosale, amene ankapita ku boma kukapikula katundu, anatikweza pamwamba pa makatoni a sopo kuti mwana akabayitse kumeneko. Ankangoti, "Kwerani amayi, Mulungu ndi mmodzi," osafunsa matenda.

Ali wamng'ono palibe analabadira. Koma Esinati anatha msinkhu, anadzaza, analowa sekondale yoyendera, ndipo mwezi ndi mwezi anthu okhala pakhonde ankamuona atavala yunifomu akulowa pa khomo lobiriwira, n'kutuluka akusisita thako.

Ndinazimva ndekha pamzere wa feteleza ku depoti. Dzuwa linali loswa mutu, ndinali nditafunda chitenje kumutu, ndiye amene anali patsogolo panga sanandizindikire. Woyankhula anali aNabanda, ogulitsa mandasi pageti la chipatala chathu, munthu amene ndinkamwa naye tiyi.

"Mwana wa mkulu wa mpingo, anzanga, mwezi ndi mwezi khomo la kulera. Make yemwe ndiye amamugwirira chikwama."

Wina anati, "Si paja wolera amabaya pakapita miyezi itatu?"

"Ndiye muone moto wake! Wa miyezi itatu sukumukwana."

Mzere wonse unaseka. Bambo wina wa chipewa anati, "Ayi, ngati ndi woyera ngati mkaka uja, ngwachindoko. Ine ndikuudziwa bwino."

"Mwaudziwira kuti, achimwene?"

Anasekanso, tsopano akuseka iyeyo. Ine ndinangokokera chitenje changa kumaso. Feteleza ndinagula, koma sindikumbukira kuti ndinafika naye bwanji kunyumba.

Kusukulu anali atamupatsa kale dzina: Depo, la jakisoni wolera uja. Anyamata ankamutsatira poweruka akumuimbira mluzu. Akulu ampingo anzawo anawaitanira pambali bambo anu. Tsiku limenelo anabwera kunyumba osavula ndi jekete lomwe, n'kunena kuti, "Amake Esinati, jakisoni uja waima. Mwana anachira, taonani wanenepa."

"Adokotala anati osadumpha."

"Adokotala sakhala pabenchi la akulu Lamulungu."

Esinati naye anati, "Amayi, bola ndife. Pakhomo paja sindipondanso."

A Nyirenda anaganiza zomubaya Loweruka anthu kulibe. Bambo anu anati, "Dokotala wamwamuna kudzitsekera ndi mwana wanga tsiku lopanda anthu? Ndiye mukufuna anene chiyani?" Zodzamubayira kunyumba adokotala anakana, ati jakisoni ameneyu nthawi zina amamuipira munthu mwadzidzidzi, pamafunika mankhwala ena pafupi. Mwezi unadutsa. Wina unadutsanso. Pa shelefu timabotolo tinalipo, todzaza, kwa nthawi yoyamba sindinakondwere nato. Pakudya sindinkayang'ana m'mbale mwanga, ndinkayang'ana pakhosi pa mwana wanga akameza. Akatsokomola kuseri kwa nyumba, ine ndinkathamangira komweko.

Nyengo yozizira yotsatira

Ana a sukulu anayamba kubwera ndi chimfine ndi zilonda zapakhosi. M'mawa wina ndinaona Esinati akumeza phala atatsinzina, dzanja lili pakhosi. Anati ndi kutentha kwa phala. Ine ndinaona waganyu uja ataima pa nazale, akupinda malaya.

Masana ndinamutenga kuti akandithandize kuyanika nsalu za chipatala. Tili pakati pa nsalu, pamene palibe akanationa, ndinati, "Mwana wanga, pali maina awiri. Lina ndi labodza, ndipo likukuletsa jakisoni. Lina ndi loona, koma bambo ako sananame, mwina lidzakuletsa banja. Ine ndili ndi pakamwa, mawa kuli sikelo. Ndingathe kuimba, ndingathenso kukhala chete. Thupi ndi lako."

Anafinya nsalu imene inali yofinya kale. Anati, "Mukaimba asiya kunditi Depo?"

"Sindikudziwa."

"Nanga ndikapanda kubayitsa ndifa?"

"Sindikudziwanso. Koma ndikuopa, Esinati. Ndikuopa mpaka m'mafupa."

Anayang'ana ku geti kumene aNabanda ankaingitsa ntchentche pa mandasi. Anati, "Imbani. Koma ine ndiime pomwepo, asamati mukunena mwana wa wina."

Bambo anu sindinawabisire. Ndinawapeza akusankha fodya wotsala, ndinagwada, ndinawauza. Anati, "Mukatero mwandivula pamaso pa mpingo, ndipo mwana mwamutsekera banja ndi pakamwa panu."

Ndinati, "Banja amafunsira wamoyo."

"Ndanena, ayi."

Zaka zonse za ukwati wathu ndinali ndisanadumphepo mawu awo. Tsiku limenelo ndinadzuka pamene ndinagwadapo ndikudziwa kuti ndiwadumpha.

M'mawa khonde linadzaza, amayi ndi ana kumbuyo, ena oyembekezera, ena a khomo lobiriwira. Ndinawomba m'manja monga mwa masiku onse. Esinati anaima pambali panga ndi yunifomu yake. Ndinayambitsa:

Pakhosi pakawawa, amayi, musati n'chimfine,
thamangani naye, thamangani naye.
Kachilombo kapakhosi kamautsa nkhondo,
nkhondo ikathera pa mtima.
Wanga ndi uyu, wanga ndi uyu,
khomo n'limodzi, majakisoni ngawiri.

Ndinadikira kuti avomere. Zii. Inu amene simunayambitsepo nyimbo simungadziwe kuwawa kwa chete ameneyo. Ndinabwerezanso. Zii, kupatula kamwana kena kolira. Ndinati mumtima, ndamugulitsa mwana wanga pachabe. Ndiye pambali panga panamveka mawu aang'ono, opuma pakati: "Khomo n'limodzi, majakisoni ngawiri." Anali Esinati, akuvomera yekha nyimbo ya matenda ake. Mayi wina kumbuyo analowa, wina analowanso, m'manja munayamba kulira.

A Nyirenda anali atatuluka, ataima pakhomo. Nyimbo itatha Esinati anawapempha chomvetsera chija, n'kuitana cha ku geti, "ANabanda! Tabwerani mudzamve Depo wanga."

Anabwera akupukuta mafuta m'manja, akuseka kaseko kamanyazi. Adokotala anawaveka m'makutu, n'kuika pachifuwa pa mwana. Kuseka kunatha. Anamvetsera, anamvetseranso, kenako anati, "Mwanawe, ukuyenda ndi chimenechi?"

"Ndi jakisoni amene amandiyendetsa," anatero Esinati, n'kulowa pa khomo lobiriwira anthu onse akuona. Pakhosi paja analandiranso chithandizo tsiku lomwelo, ndipo masabata otsatira ndinkamugwira mawondo m'mawa uliwonse ngati ndikusankha maungu. Sanatupe.

Musaganize kuti zonse zinakoma. Dzina la Depo linafa pang'onopang'ono, m'malo mwake munabwera lakuti wamtima. Bambo anu anatha nyengo yonse akudya kwa alongo awo. Atabwerera sanatchulenso nkhaniyi. Tsiku lobayitsa likafika ankangopopa njinga n'kuiimika pakhomo, koma mawu akuti jakisoni sanatulukenso pakamwa pawo. Ndipo zimene ankaopa zinachitikadi. Esinati atamaliza sukulu anabwera mnyamata wa ku Nkhamenya, zonse zinayenda, mpaka amalume a mnyamatayo atamva za mtima. Sanabwerenso. Mwana wanga analira, ine ndikukolopa chipatala ndi misozi, ndikudzifunsa ngati nyimbo yanga sinamudyere banja.

A Lameki anali okonza njinga pa sitolo za pamsewu. Iwo za mtima anazidziwa kalekale, monga aliyense. Pa chinkhoswe amalume a Esinati anafuna kuwachenjeza, iwo anati, "Ndinamva, akuti vavu imataya mpweya. Ine ntchito yanga ndi yomweyo." Anthu anaseka, ine ndinalira. Atakwatirana madokotala anati mimba iyambe yadikira mpaka amuunikenso, ndiye Esinati anayamba kulowa pa khomo lija kukabayitsa onse awiri, wa mtima ndi wolera weniweni. Palibe ananenapo kanthu.

Chaka chimene ndinapuma ntchito

A Nyirenda anali atasamutsidwa, mawondo anga anali atatopa ndi simenti, ndinapereka chokolopera kwa mtsikana wina n'kubwerera ku fodya. Chaka chomwecho Esinati anaima. Anabwera kudzandiuza akumwetulira, ine ndinamwetulira nawo, atachoka ndinakakhala kuseri kwa chigafa manja ali pamutu. Ndinali nditachapa nsalu za chipinda chochiliramo zaka zambiri, ndinkadziwa kuti mimba imasenzetsa mtima katundu wa anthu awiri. Madokotala anati aziwonedwa pafupipafupi, jakisoni asaime, ndipo masiku akayandikira akadikirire ku Lilongwe, osati kuno. Mapazi akatupa pang'ono ndinkadina ndi chala kuona ngati patsala dzenje. Anzanga a kumvano ankati, "ANambewe, woyembekezera aliyense amatupa." Ndinkati eya, koma aliyense si wanga. Atanyamuka kupita kukadikirira ndinafuna kutsagana naye, iye anakana, ati, "Amayi, maso anuwo amandithamangitsa mtima kuposa mimba." Anapita ndi amuna ake ndi apongozi ake. Ine ndinatsala ndi fodya ndi foni pamfundo ya chitenje, nyimbo zonse zitauma pakhosi.

Mpaka tsiku lija m'chigafa.

Chitseko cha mtima wake sichinapole, chimenecho musaiwale. Madokotala ati za mwana wachiwiri akayambe wawafunsa. Ndipo inu adzukulu, wina akadzangoti pakhosi pakuwawa, musadzamupatse madzi amchere n'kumusiya, ndidzakutsatirani ndi chikuni ngakhale ndili ndi ndodo.

Koma tsiku limene anafika naye mwana pakhomo pano, mantha ndinawauza kuti akhale kaye panja. Bwalo linadzaza, ndipo ndiwalemba onse kuti kamwanako kadzadziwe amene anakavinira. Anabwera a Lameki atanyamula beseni ndi thewera paphewa, ndi amayi awo aNaphiri. Anabwera azakhali aNamwale, aja a tsempho, ndi nkhuku yoyera kukhwapa. Anabwera amalume a Yohane, aNgozo a kwaya, aNachisale ndi amvano onse. Anabwera a Saidi ndi akazi awo a Mariamu, atatenga sopo ndi shuga, ati tiyi wa make mwana asasowenso shuga. A Sisita Jere, okalamba, anabwera pa njinga yamoto, n'kuyendetsa chala pawindo langa asanaone khanda. A Nyirenda anafika pa foni, tinawakweza mawu kuti amve nthungululu. ANabanda anabwera ndi dengu la mandasi osagulitsa, ndipo ndi iwo anayambitsa ya khomo limodzi, ine n'kuvomera. Anabwera ana anga Yosefe, Rute ndi Maliko, ndi adzukulu Tadala, Chisomo, Madalitso ndi Takondwa.

Womaliza anatulukira kuseri kwa chigafa, kumene anati akukaona fodya, maso ali ofiira. Anakhala pampando, anamulandira mdzukulu, anamutcha Mwatisunga. Kenako anatembenukira kwa Esinati, anthu onse akumva, n'kufunsa kuti, "Nanga jakisoni wa mwezi uno wabayitsa, mwana wanga?"

Ameneyo anali bambo anu, a Gerisomu Mwale.